Ababa Anapita ku Chisi Wapansi

Ababa sanali sing'anga, ndipo munthu akawatchula choncho ankatsinya nkhope. Analibe nsupa, sankaombeza ula, ndipo Lamulungu lililonse ankavala jekete lawo lotuwa n'kukakhala kutsogolo m'tchalitchi. Iwo ankangoti amadziwa mitengo. Anaiphunzira kwa amayi awo, amene anawoloka kuchokera ku Mozambiki ali kamtsikana, n'chifukwa chake mitengo ina ababa ankaitchula m'Chilomwe. Mayina ake a Chinyanja sankawadziwa.

Tinkakhala kumudzi kwa amayi, kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala. Ndili mwana ndinkaona anthu akufika pakhomo pathu m'mawa asanapite kuminda. Wotsegula m'mimba ababa ankamuwiritsira mizu ya naphini, yowawa mpaka munthu kupukusa mutu. Mwana wa zipere ankamupaka utomoni wofiira wa mlombwa. Wa chifuwa ankamupatsa masamba anthete a chitimbe kuti atafune, kapena kumufunditsa bulangete pa mphika wa masamba a bulugama ndi a mandimu. Chilonda chokana kupola ankachitsuka ndi madzi ofunda n'kuchithira ufa wa makungwa a mvunguti. Koma mayi akabwera ndi mwana wotentha thupi, maso atatembenuka, ababa sankalowa n'komwe m'nyumba kukatenga thumba lawo. Ankatulutsa njinga n'kunena kuti, "Izi si za mitengo ayi. Thamangani naye kuchipatala."

Ine sindinkalabadira zonsezi. Ndinkaona ngati bambo wa mwana aliyense amatero.

Nditakwatiwa, ine ndi amuna anga tinayamba ntchito yowamba nsomba ku Kachulu. Iwo ankagula milamba ndi makumba kwa asodzi padoko, ine n'kumazitumbula, kuzitsuka ndi kuziyala pa waya pamwamba pa uvuni. Zikauma, amuna anga ankazikweza minibasi kupita nazo ku Zomba. Ntchito imeneyi ndi imene inatifolera nyumba ndi malata, ndipo sindingaitukwane. Koma uvuni sukhuta nkhuni. Tinkagula kwa amuna a njinga amene ankatsika nazo tsiku ndi tsiku, ndipo sindinawafunsepo kumene ankazidula. Chimene ndinkafuna ine chinali nkhuni zolimba, zosathetheka, zopatsa nsomba mtundu wofiirira umene ogula amaukonda.

Ababa akabwera kudzatizonda, moni ankabwera pambuyo. Ankaimika njinga n'kulunjika pamulu wa nkhuni zanga. Ankanjuta pamenepo n'kumatembenuza chikuni chimodzichimodzi, kuchinunkhiza, kuchikanda ndi chikhadabo.

"Uwu ndi muwanga," ankatero, ngati akulankhula okha. "Uwu naphini, taona chikasu chake mkatimu. Awudula uli waung'ono."

Kenako ankatulutsa mpeni n'kuyamba kusenda makungwa, kumaponya m'thumba la feteleza. Azimayi anzanga a mauvuni oyandikana ankaseka. Wina ankafuula kuti, "Achemwali, bambo anu abweranso kudzavula nkhuni malaya!" Ine manyazi ankandigwira. Tsiku lina ndinawayandikira n'kuwanong'oneza.

"Ababa, anthu akutiseka. Bwanji osakasenda kutchire?"

"Kutchire kwake kuti, mwananga?" anandifunsa osadzutsa mutu. "Tchire lonse lili pano. Masiku ano ndikafuna mankhwala ndimangolondola njingazi."

Sanalankhule mokalipa. Anapitiriza kusenda, ine n'kubwerera kukasonkhezera moto. Patapita zaka zingapo nkhuni zija zinasintha. Kunayamba kubwera za mango ndi za bulugama, kenako zitsa zochita kukumba. Ababa anasiya kubwera ndi thumba.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anakulira kumsana kwanga pa uvuni pomwepo. Ankayamwa, ndiye sindikanamusiya kumudzi. Utsi ukandiwawa m'maso ndinkatembenuka kuufulatira, osaganiza kuti ndikatero ndiye kuti ndauloza kumaso kwa mwana. Atayamba kuyenda anayamba kutsokomola, ndipo nyengo yozizira m'chifuwa mwake munkalira ngati muli kamwana ka mphaka. Kuchipatala anati ndi mphumu. Anatipatsa kabotolo kopopera mkamwa, kamene kankathandizadi, kungoti kakatha nthawi zina tinkapeza ena kulibe. Namwino wina anandifunsa ntchito imene ndimagwira. Nditamuuza anati, "Mayi, mwanayu achoke pa utsi." Ndinamupititsa kwa agogo ake, ndipo anapezako bwino.

Kenako inafika nthawi imene nyanja inauma. Mvula inali itavuta zaka zotsatizana, ndipo madzi anayamba kuthawa doko tikuona. Mabwato anatsala pamatope atapendekeka. Nsomba zinafera m'zithaphwi, Kachulu yense kununkha, ndipo mauvuni athu anazizira. Asodzi anasamukira kunyanja zina, amuna anga n'kuwatsatira kuti mwina akapezeko kanthu. Ine ndinabwerera kumudzi kwa makolo. Kumeneko kunabwera vuto lina limene sitinaliyembekezere. Mphepo ikaomba kuchokera kummawa inkanyamula fumbi lotuwa, lamcheremchere, la pansi pa nyanja. Linkalowa m'nyumba, m'mitsuko ya madzi, m'mano. Mphumu ya mwana inabwerera mwamphamvu kuposa kale.

Masana ena mwanayo anabanika. Anakhala pamkeka atagwira mawondo, mapewa akukwera ndi kutsika, milomo itayamba kuda. Kabotolo kaja kanali katatha. Ababa anawiritsa bulugama msangamsanga n'kumufunditsa, anamumwetsa madzi a chitimbe osakaniza ndi uchi, kwinaku akumusisita kumsana. Mpweya unabwerera pang'onopang'ono. Mwana atagona, mantha onse amene ndinali nawo anasanduka ukali, ndipo munthu amene anali pafupi anali ababa.

"Ababa, ana a eni ake mumawachiza. Mdzukulu wanu yekha ndiye wakukanikani?"

Amayi, amene ankapeta mpunga pakhonde, anaika lichero pansi. "Iwe, ukulankhula ndi ndani?"

Ababa anawakweza dzanja kuti andisiye. Anapukuta mpeni wawo pa buluku.

"Mankhwala ake ndimawadziwa," anatero. "Ndi muzu wa kamtengo kena kamene kankamera m'miyala kumtunda uko. Kumeneko tsopano kulibe ngakhale chitsa. Kumene ndikudziwa kuti kakadalipo ndi kuphiri la ku Chisi."

"Ndiye ku Chisi ndi kumwamba?" ndinatero ine.



M'mawa mwake ndinadzuka n'kupeza kakhasu ka ababa palibe pamene kankakhala, thumba lija palibenso. Amayi anati anyamuka kutangoyera. Masiku amenewo bwato silinkafika ku Chisi, chilumba cha pakati pa nyanja. Anthu ankawoloka wapansi, pena pa nthaka youma yong'ambikang'ambika, pena m'matope ofika m'mawondo, pakati pa zitsa za bango zimene anthu anatentha pofuna malo olima. Anyamata ankawoloka akuseka. Koma ababa anali atakula, ndipo chaka chimenecho anali ataonda. Ankamwa madzi pafupipafupi, ife n'kumati ndi kutentha kwa dzuwa.

Ndinaima pabwalo kuyang'ana njira ya kudoko. Ababa anali asanafike patali, ndipo njinga yawo inali pomwepo itatsamira nkhokwe. Ndikanaikwera ndikanawapeza asanatsikire m'matope. Ndinaiyang'ana njingayo, kenako mwana anatsokomola m'nyumba, ine n'kulowa. Mumtima mwanga ndinkafuna kuti apite.

Anabwerako mawa lake dzuwa litapendeka. Matope anali ataumira mpaka m'ntchafu, patapata imodzi itatsala kunyanja, ndipo phazi lamanzere anali atalimanga ndi nsanza yong'amba ku malaya awo. Ankatsimphina koma akuseka. Anati anagona kwa msodzi wina wachisilamu amene anawapeza akukwera phiri. Munthuyo anawagwira dzanja m'miyala, anawathandiza kukumba, ndipo mkazi wake anawaphikira tiyi wopanda shuga n'kupepesa kwambiri.

"Nanga phazilo?" amayi anafunsa.

"Chitsa cha bango chandibaya pobwerera. Si kanthu."

Anakana kusamba asanakonze mankhwala. Anakhuthula thumba pamkeka. Mizu yake inali yopyapyala ngati zala za mwana, yotuwa kunja, ndipo itapalidwa inatulutsa fungo lolasa m'mphuno. Anaisinja okha, anaiwiritsa m'kamphika ka dothi, n'kusefa pa kansalu. Mwana anamwa akulira, iwo akumunyengerera kuti, "Imwani, amayi anga, imwani, kuwawaku ndiye kuchira kwake." Atatha zimenezi m'pamene anamasula nsanza ija. Bala linali kunsi kwa phazi, laling'ono koma lakuya, mkati muli matope akuda. Analitsuka ndi madzi a mchere n'kuthira ufa wa mvunguti, monga ankachitira ndi anthu ena onse.

Masiku otsatira maso anga onse anali pa mwana. Ndinkamumwetsa m'mawa ndi madzulo, kumvetsera chifuwa chake, kusangalala ndikaona akuthamangitsa nkhuku osaima kuti apume. Ababa ankakhala pakhonde phazi litasanjikidwa pa mtondo. Linatupa, kenako linayamba kutuluka madzi. Amayi anawauza kangapo kuti apite kuchipatala, koma iwo ankakana.

"Zilonda zoposa ichi ndapoletsa ine. Chikufuna nthawi basi."

Amayi anandikokera kuseri kwa khitchini. "Bambo akowa ine sandimvera. Talankhula nawo iwe."

Ndinawayankha kuti ababa amadziwa zimene akuchita. Ndinkakhulupiriradi choncho, pakuti kuyambira ndili mwana sindinaonepo mvunguti ukuwalephera. Koma panalinso china. Kuvomera kuti balalo ndi lalikulu kunali kuvomera kuti lachokera pa mawu anga, ndipo ine sindinkafuna kuliyang'anitsitsa. Ndikamawapatsira madzi osamba ndinkayang'ana kumbali.

Chimene chinatidzidzimutsa chinali fungo. Amayi anamasula nsalu mokakamiza, ababa akukana, ndipo tinapeza zala ziwiri zitada bii, kudako kukukwera cha ku kapolo. Ababa anayang'ana phazi lawo nthawi yaitali, ngati ndi la munthu wina amene wabwera kudzafuna thandizo. Kenako anati, "Kaitaneni wa kabaza."

Kuchipatala chaching'ono sanatisunge. Anatitumiza ku Zomba tsiku lomwelo. Kumeneko anawayeza magazi n'kutiuza kuti ali ndi matenda a shuga, ndipo akhala nawo nthawi yaitali osadziwa. Ludzu lija ndi kuonda kuja zinali zimenezo. Adokotala anati munthu wa shuga bala la kuphazi silimupola wamba, ngakhale atathira chiyani. Anati tikanabwera msanga mwina akanangochotsa zala. Analankhula mofatsa, osaloza munthu, koma ine ndinamva ngati wodi yonse yatembenukira kwa ine. Mwendo anaudula m'munsi mwa bondo.

Ndinali pambali pa bedi pamene anatsitsimuka. Anakweza nsalu, anasuzumira, n'kuibwezera bwinobwino. Chinthu choyamba chimene anafunsa chinali chakuti, "Mwana akupuma bwanji?"

Ndinagwada pansi pa simenti n'kugwira chitsulo cha bedi. "Ababa, ndine ndinakutumani. Pakamwa panga ndi pamene pachita izi."

"Iwe ungatume ine?" anatero ndi mawu ofooka. "Ndinapita ndekha, ndi miyendo yanga." Anapumira kaye, kenako kumaso kunachita ngati kukufuna kuseka. "Pamene inali iwiri."

Bambo wa pa bedi loyandikana anaseka, amayi nawo anaseka akupukuta misozi ndi chitenje. Ine ndinalephera. Patsiku lina, amayi atapita kukachapa, ababa anandiuza kuti chimene chinkawawawa kwambiri si mwendo ayi. Anati moyo wawo wonse akhala akudziwa pamene mitengo imalekezera, ndipo anthu ambiri ali moyo chifukwa anawakana n'kuwathamangitsira kuchipatala. Koma litafika tsiku la iwo eni, anachita manyazi kuti anthu amva kuti mkulu wa mankhwala uja walephera kabala ka bango. Ndikuganiza kuti anandiuza zimenezi kuti andipepukitse katundu. Sizinatheke kwenikweni, koma ndinawamva.

Mwana uja anachira. Chaka chimenecho anabanikanso kamodzi kapena kawiri, mopepuka, kenako zinatha. Pano ndi mtsikana wamkulu, amasewera mpira wamanja kusekondale. Chimene chinamuchiritsa sindikuchidziwa. Amayi amalumbira kuti ndi mizu ya ku Chisi. Namwino anandiuza kuti ana ambiri mphumu imawasiya akamakula, makamaka akatalikirana ndi utsi. Komanso mvula inagwa mwezi womwewo umene ababa anatuluka m'chipatala, fumbi lija n'kugona. Ababa sananenepo kuti ndi iwo anamuchiritsa. Ine ndimafuna kwambiri kuti ikhale mizuyo, chifukwa ngati si mizu, ndiye kuti mwendo unapita pachabe. Ndikayamba kuganiza zimenezi ndimadzuka n'kukapeza ntchito yogwira.

Nyanja inadzadzanso, nsomba zinabwerera, amuna anga anabwerako, ndipo ine ndinabwerera pa uvuni. Ana obadwa pambuyo pake sindinawaberekepo pa utsi. Ndinkawasiya ndi mng'ono wanga pamthunzi, kutali, n'kumapita kukawayamwitsa. Koma moto ndimasonkhabe, ndipo nkhuni ndimagulabe kwa a njinga, amene tsopano amachokera kutali kwambiri moti amafika thukuta lili kamukamu.

Amayi sanandinenepo ngakhale kamodzi. Mwina zikanakhala bwino akanandinena. Nyengo yowokera mpunga ndikapita kumudzi ndimawapeza m'munda wa kusikimu, madzi ali m'akakolo, akusalaza matope ndi khasu, ntchito imene inali ya ababa. Ndimavula nsapato n'kulowa kukawalanda khasulo, iwo n'kumati, "Siya, udetsa chitenje chabwinocho." Timalimbirana mpaka andisiyire.

Anthu amabwerabe pakhomo, koma achepa. Ababa sangathenso kukakumba okha, ndiye amamufotokozera wodwalayo mtengo wake, masamba ake, malo amene angaupeze. Ambiri amabwera ndi zolakwika. Ababa amanunkhiza, amaluma pang'ono, n'kulavula. "Uwu ungakuphe. Kataye kutali ndi mbuzi." Ndinawapempha kuti andiphunzitse, ngakhale mochedwa. Anati, "Ndikuphunzitsa bwanji pakhonde? Mtengo umafunika uuone uli chiimire, uone ndi anzake amene wamera nawo." Kangapo ndawakweza pa njinga kupita nawo kumene njinga ingafike, ndipo ndadziwako mitengo ingapo ya m'mbali mwa njira ndi ya kumanda, kumene anthu amaopa kudula. Koma kamtengo ka ku Chisi kaja sadzandionetsa. Kali pamwamba pa miyala, ndipo dzina la Chilomwe limene ababa amakatchula nalo ndafunsa akuluakulu angapo, palibe amene akulidziwa. Msodzi amene anawathandiza kukumba uja ndinamufunafuna, ndipo ndinamva kuti anasamuka nthawi ya chilala yomweyo osabwereranso.

Ababa alipo mpaka lero. Amayenda ndi ndodo ziwiri, amamwa mankhwala a shuga a kuchipatala mosadumphitsa, ndipo tiyi amamwa wopanda kanthu akudandaula. Kutchalitchi amapitabe, mwendo wa buluku ataupinda n'kuumanga ndi pini. Ana akawafunsa za mwendo amawauza kuti unatopa n'kupuma pantchito.

Chaka chatha pa Khirisimasi ndinawagulira nsapato zachikopa kumsika wa ku Zomba. Ndinaima nthawi yaitali pa benchi ya wogulitsayo, nsapato ziwiri zili m'manja, mpaka anandifunsa ngati ndikudwala. Nditafika nazo kumudzi ababa anavala yakumanja, anaiponda pansi, anati yakwana. Yakumanzere anaikulunga m'nyuzipepala n'kundipatsa.

"Ukapita ku Kachulu ukampatse mnzanga uja wosoka maukonde pafupi ndi mzikiti. Iye ng'ona inamutenga mwendo wakumanja. Tinayezana kale, phazi lathu ndi limodzi."

Ndinakaipereka. Mkuluyo anaivala pomwepo, anaitana anzake kuti adzaone, ndipo anandiuza kuti ndikawauze ababa kuti ulendo wina ndi iye adzagule, koma ababawo asadzadandaule mtundu wake. Anandipatsa milamba iwiri yaiwisi kuti ndikawapatse. Ndinathokoza, ndinaseka nawo monga mmene zinkafunikira. Nditachoka pamenepo ndinakhala kaye pansi kuseri kwa mulu wa maukonde mpaka maso atauma, chifukwa sindinkafuna kuti azimayi anzanga a pa uvuni andifunse. Madzulo ake ndinakwera njinga kupita kumudzi, ndipo milambayo amayi anaiphika ndi matimati. Ababa anadya mutu, n'kunena kuti mchere wachepa.